Kuchokera ku Dzalanyama Kukafika ku Chinde: Mbiri ya Magetsi a Madzi ndi Nsomba Zake

Mvula ikagwa ku Mpingu, madzi ake sathera m'dambo. Ena amatsetsereka kukalowa mu mtsinje wa Lilongwe, umene umathira mu Linthipe, nayo Linthipe n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Salima. Cha kumadzulo, madzi a ku Namitete amatsata Bua mpaka ku Nkhotakota. Akafika m'nyanjamo ambiri amauma ndi dzuwa, ndipo otsalawo ali ndi khomo limodzi lokha lotulukira, lomwe ndi mtsinje wa Shire ku Mangochi. Kuchoka apo amadutsa m'nyanja ya Malombe, pa Liwonde, m'mathithi a pakati pa Matope ndi Chikwawa, n'kukalowa mu Zambezi, kenako m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean cha ku Chinde m'dziko la Mozambique. Pa ulendo umenewu madziwa amapukusa magetsi amene amayendetsa chigayo cha pa Mpingu, komanso ndi mudzi wa nsomba za mitundumitundu. Mbiri ya momwe anthu anaphunzirira kutchinga madzi kuti apeze mphamvu, m'mitsinje ndi m'nyanja ya mchere momwe, ndi mbirinso ya zimene zinagwera zamoyo za m'madzimo.

Moto ndi mvula m'masiku a makolo

Achewa amati anthu oyamba anatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, pamodzi ndi nyama ndi Chauta mwini, ndipo mvula yoyamba inagwa nthawi yomweyo. Onse ankakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Motowo unalusa m'tchire, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi n'kuthawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Makolo anaika m'nthano imeneyi chinthu chimene anachiona ndi maso awo: munthu akapeza mphamvu yatsopano, zolengedwa zinzake ndizo zimayamba kumva kuwawa.

Abanda, amene anali oyamba kukhazikika m'dera lino, ndi Aphiri, amene anabwera pambuyo ndi ufumu wa Kalonga n'kukamanga likulu ku Mankhamba, onse amakumbuka kuti anachokera ku Uluwa, m'dziko limene lero ndi Congo. Ufumu unali wa Aphiri, koma mvula inali m'manja mwa Abanda. Ku kachisi wa ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, kunkakhala Makewana, mayi wa anthu onse, amene sankameta tsitsi poopa kuti mvula ingaleke. Chilala chikavuta, mafumu ankatumiza nsembe kumeneko. Kumunsi kwa Shire nako kunali kachisi wa M'bona ku Khulubvi. Madzi anali ndi eni ake, ndipo munthu sankangowachita zimene wafuna.

Pa nthawiyo ntchito zonse zinkayendera mphamvu ya mkono ndi nkhuni. Amayi ankasinja mu mtondo ndi kupera pa mphero, osula ankasungunula chitsulo m'ng'anjo ndi makala. Mtsinje unkapatsa anthu madzi akumwa, chinyontho cha m'madimba, ndi ndiwo. Mvula ikayamba, ntchila ndi sanjika zinkachoka m'nyanja kukwera mitsinje kukaswana, ndipo madzi akayamba kutsika mpasa nazo zinkakwera Bua ndi Linthipe kufunafuna malo a timiyala. Asodzi ankatchera mono m'mabiyo n'kudikira. Nsombazi zimafuna zinthu ziwiri, njira yosatsekeka ndi madzi oyera pansi pake, ndipo zonse ziwiri zinalipo.

Mathithi amene anakaniza sitima

Mu 1858 David Livingstone analowa mu Zambezi ndi sitima yotchedwa Ma Robert, akuyembekeza kuti mtsinjewo ukhala msewu waukulu wolowera pakati pa Africa. Atapitirira Tete anakumana ndi mathithi a Cahora Bassa, ndipo ulendo unathera pomwepo. Chaka chotsatira anakhotera mu Shire, koma nakonso anapeza mathithi, amene anawatcha dzina la Murchison. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80, mtsinjewu umatsika mamita oposa 300, kudzera pa Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. Anazungulira wapansi n'kufika ku nyanja ya Malawi mu September 1859. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anachita kumasula sitima yawo ya Ilala, anthu mazanamazana n'kusenza zidutswa zake pamutu kulambalala mathithiwo.

Kwa azungu a nthawi imeneyo mathithi anali chopinga. Kwa nsomba anali malire akalekale. Za kumunsi kwa Kapichira ndi za mtundu wa mu Zambezi, ndipo sizitha kukwera mathithiwo, n'chifukwa chake nyanja ya Malawi inasunga mitundu yakeyake mazanamazana, monga mbuna, utaka ndi chambo, imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko. Kumunsiko kumafikanso mkunga, nsomba yooneka ngati njoka imene imaswana m'nyanja ya mchere koma imakulira m'mitsinje.

Khomo lolowera m'dziko lino linali ku mathiriro a Zambezi. Mu 1891 Apwitikizi anabwereketsa Angerezi malo pa Chinde, ndipo katundu yense wobwera kuno ankatsitsidwa pamenepo n'kukwezedwa m'sitima za mumtsinje. Amalinyero a pa Chinde ankadziwa chinthu chimene munthu wa kumtunda sachidziwa: nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo sitima imadikira madzi adzaze kuti idutse pa mchenga wa pakhomo. Chimakoka madziwo ndi mwezi, mothandizidwa ndi dzuwa. Mwezi ukangooneka kumene ndiponso ukakhala wathunthu, madzi amakwera kwambiri n'kutsikanso kwambiri. Ku Beira kusiyana kwake kumafika mamita 6. Chinde anayamba kuzilala njanji ya ku Beira itatsegulidwa mu 1922, ndipo mlatho wa Dona Ana utatha mu 1935 ulendo wa pamtsinje unatheratu ntchito.

M'zaka zoyambirira za m'ma 1900, Dr Robert Laws anaika makina opukusa magetsi ndi madzi a m'phiri ku mishoni ya Livingstonia. Magetsi ake anali ochepa, ongokwanira mishoniyo, koma anasonyeza kuti madzi otsika m'phiri angathe kugwira ntchito imene kale inkafuna manja ambiri.

Pamene Shire anaima

Cha m'ma 1915 madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika kwambiri, mchenga ndi bango zinatseka khomo la Shire, ndipo mtsinjewo unasiya kutulutsa madzi a m'nyanja kwa zaka pafupifupi 20. M'malo ena anthu ankangowoloka ndi miyendo. Cha m'ma 1935 nyanja inakweranso, madzi anaboola mchengawo, n'kumiza minda ya thonje ndi chimanga ku Lower Shire, ndipo mabanja ambiri anasamuka. Boma la atsamunda linaona kuti aliyense wofuna magetsi kapena ulimi wothirira pa Shire ayenera kuyamba wagwira khomo la nyanja.

Pambuyo pa njala ya 1949, kampani ya akatswiri ya Sir William Halcrow inapatsidwa ntchito yofufuza, ndipo mu 1954 inapereka ndondomeko ya chitukuko cha chigwa cha Shire. Mu 1956 anaunjika mchumbu wa dothi kutseka mtsinje pa Liwonde, koma chaka chotsatira unagumulidwa. Nthawiyi n'kuti Nyasaland atalowetsedwa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, ndipo ndalama zikuluzikulu za magetsi zinapita ku Kariba, kuti magetsi ake azitumikira migodi ndi mafakitale.

Damu la Kariba pa Zambezi linatha mu 1959. Atonga pafupifupi 57,000 anachotsedwa m'chigwa cha Gwembe n'kusiya manda a makolo awo pansi pa madzi. Madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958 ataononga ntchito yomangayo, Atongawo anati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Nyama pafupifupi 6,000 zinapulumutsidwa pa zilumba zimene zinkamira. Patapita zaka zochepa anabweretsa kapenta kuchokera ku nyanja ya Tanganyika, ndipo anaswana mpaka kukhala malonda aakulu. Phindu ndi chitayiko zinabwera limodzi, koma opeza phindu sanali omwe anataya minda.

Chaka cha 1966

Malawi atalandira ufulu mu 1964, boma la Dr Kamuzu Banda linafulumira ndi ntchito ya pa Shire. Baraji ya Kamuzu pa Liwonde inatha mu 1965, ndipo mu 1966, chaka chimene dziko lino linakhala ripabuliki, makina a Nkula A anayamba kupukusa mamegawati 24. Chaka chomwecho damu loyamba la Kamuzu linamangidwa pa mtsinje wa Lilongwe ku Malingunde, kummwera kwa Mpingu. Ilo linali la madzi akumwa, osati la magetsi, ndipo Lilongwe atakhala likulu mu 1975 ludzu la mzindawu linakula mpaka damu lachiwiri linamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Mu November 1966, Pulezidenti Charles de Gaulle wa dziko la France anatsegula malo opukusira magetsi a mtundu wina, pa mathiriro a mtsinje wa Rance pafupi ndi mzinda wa Saint-Malo. Kumeneko sanadalire madzi otsika m'phiri koma kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja ya mchere, kumene pamalopo kumafika mamita 13. Nzeruyi sinali yachilendo ku Ulaya. Pa nyumba ya amonke ya Nendrum ku Ireland anafukula zotsalira za chigayo choyendera madzi oterewa cha m'zaka za m'ma 600. Nyanja ikadzaza, eni chigayo ankatsekera madziwo m'dziwe, ndipo ikaphwa ankawatsegulira kuti azungulitse gudumu lopera tirigu. Afalansa anangokulitsa nzeru yomweyi. Anamanga khoma la mamita pafupifupi 750 n'kuikamo makina 24 otha kuzungulira madzi akamalowa ndi akamatuluka, opereka mamegawati 240, kuchulukitsa kakhumi mphamvu ya Nkula A.

Ubwino wa magetsi oterewa ndi wakuti sadikira mvula. Mwezi suphonya nthawi yake, ndipo munthu angathe kuwerengeratu ola limene madzi adzadzaze zaka zambiri zikubwerazo. Koma mtengo wake unaoneka msanga. Pomanga khomalo anatseka mathiriro onse kwa zaka zitatu, madzi a mchere anasiya kulowa, ndipo zamoyo zambiri za m'menemo zinafa. Atatsegula, zina zinabwerera pang'onopang'ono, ndipo panatenga zaka pafupifupi khumi kuti malowo akhazikikenso. Ngakhale pamenepo sanabwerere mwakale. Nsomba zina za pansi pa mchenga zinachepa, mitundu ina n'kuchuluka, ndipo matope akhala akuunjikana kuseri kwa khomalo mpaka lero.

Cahora Bassa ndi anthu a ku gombe

Mathithi amene anabweza Livingstone anakopa Apwitikizi. Mu 1969 anayamba kumanga damu la Cahora Bassa pafupi ndi Songo m'chigawo cha Tete, nkhondo ya Frelimo ili mkati, ndipo anthu masauzande ambiri anasamutsidwa mokakamizidwa. Damulo linatsekedwa kumapeto kwa 1974, Mozambique ili pafupi kulandira ufulu. Makina ake asanu amapereka mamegawati 2,075, ndipo magetsi ambiri amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku siteshoni ya Apollo kufupi ndi Johannesburg. Pa nkhondo ya pachiweniweni asilikali a Renamo anagwetsa mapolo ambirimbiri, moti kwa zaka zoposa khumi damulo linangokhala, ndipo Amalawi ambiri amakumbuka zaka zomwezo chifukwa cha othawa nkhondo amene anadzaza ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Lilongwe. Mozambique inatenga ulamuliro wa damulo kwa Apwitikizi mu 2007.

Chimene chinasintha kwambiri chinali kumunsi. Kuyambira kalekale Zambezi ankasefukira chaka chilichonse kumapeto kwa dzinja, n'kumwaza matope achonde m'zigwa, madzi akaphwa anthu n'kubzala mbewu m'chinyontho chotsalacho. Nsomba zinkaswana m'madambo osefukirawo. Makina a magetsi safuna zimenezo, amafuna madzi oyenda mofanana chaka chonse. Choncho madzi a m'dzinja anachepa, a m'chilimwe n'kuchuluka, ndipo matope ambiri anayamba kutsalira m'damu. Madambo a ku Marromeu anauma, alenje n'kumafika mosavuta kumene kale kunali kosafikika, ndipo pophatikiza ndi nkhondo, njati za kumeneko zinachepa koopsa. Anthu ataona kuti mtsinje wafatsa anamanga m'malo otsika, koma madzi saiwala khwawa: mu 1978, 2001, 2007 ndi 2008 anabwera n'kuwapeza momwemo.

Ku gombe, kumene Zambezi amakumana ndi nyanja ya mchere, kuli nkhalango zazikulu za mangrove, mitengo yomera m'matope imene mizu yake imamira nyanja ikadzaza n'kuonekera ikaphwa. M'mizu imeneyo ndi momwe mumakulira ana a nsomba, nkhanu, ndi tizamoyo ta zikamba timene Apwitikizi amati camarão, timene kwa zaka zambiri tinali m'gulu la malonda obweretsa ndalama zakunja zochuluka ku Mozambique. Timeneti timaswana kunja m'nyanja, ana ake n'kulowa m'mathiriro mothandizidwa ndi madzi odzaza, ndipo akakula madzi a mtsinje osefukira ndiwo amawakankhira kubwerera kunyanja, ku malo osodzako a Sofala Bank. Kafukufuku wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anasonyeza kuti chaka chimene Zambezi wabwera ndi madzi ambiri m'dzinja, asodzi amakolanso zambiri, ndipo madzi akachepa zokola zimachepanso. Msodzi wa ku Chinde kapena Quelimane, amene mwina sanaonepo damulo, anayamba kukolola zimene anakonza ndi anthu okhala makilomita mazanamazana kumtunda. Pafupifupi madzi onse a dzinja amene amafikabe ku gombeko mosatchingidwa ndi damu lalikulu ndi a mitsinje ya kumunsi kwa Cahora Bassa, ndipo waukulu mwa iyo ndi Shire.

Zimene ena anaphunzira ku nyanja ya mchere

Mayiko ena anayesanso njira ya ku Rance. Mu 1984 dziko la Canada linatsegula makina a mamegawati 20 ku Annapolis Royal, pa gombe la Bay of Fundy, kumene nyanja imakwera ndi kutsika mamita ofika 16, kuposa pena paliponse. Nsomba zochoka kunyanja kukaswana mumtsinje zinkadutsa m'makinawo, ndipo zambiri zinkafa kapena kuvulala. Makinawo anaima mu 2019 ndipo sanayambenso.

Ku South Korea nkhani inayenda mwina. Mu 1994 anatseka gombe la Sihwa ndi khoma lalitali pofuna kupanga nyanja ya madzi abwino, koma zonyansa za m'mafakitale zinaunjikana, madzi n'kuwola. Atatsegula makina a mamegawati 254 mu 2011, madzi a mchere olowa ndi kutuluka tsiku lililonse anachuluka, ndipo nyanjayo inatsitsimuka. Pamenepa magetsi anakonzako chimene khoma linaononga.

Poona zonsezi, akatswiri ambiri anasiya maganizo omanga makoma n'kuyamba kuika makina pansi pa nyanja, pa malo opapatiza pamene madzi amathamanga, okhala ndi mapiko ozungulira pang'onopang'ono. Makina a SeaGen anaikidwa ku Strangford Lough ku Northern Ireland mu 2008, ndipo kwa zaka zingapo akatswiri ankalondola nyama za m'nyanjamo kuti aone ngati zikugundidwa. Sanapeze chionongeko chachikulu. Ku Pentland Firth, kumpoto kwa Scotland, ntchito ya MeyGen inayamba mu 2016 ndi makina anayi a mamegawati 1.5 aliwonse. Njira imeneyi sitseka mathiriro, ngakhale ikadali yodula ndipo magetsi ake ndi ochepa. Gombe la Beira ndi Chinde lili ndi madzi okwera ndi kutsika mwamphamvu, koma kufikira lero kulibe makina oterewa.

Shire asenza dziko lonse

Kuno kwathu ntchito inapitirira pa mtsinje umodzi womwewo. Tedzani woyamba anatsegulidwa mu 1973, wachiwiri mu 1977, Nkula B kuyambira 1980, Tedzani wachitatu pakati pa zaka za m'ma 1990, Kapichira mu 2000 n'kukuzidwa patapita zaka zoposa khumi, ndi Tedzani wachinayi mu 2021. Kupatula makina aang'ono monga a pa Wovwe ku Karonga, magetsi a madzi a dziko lino, mamegawati pafupifupi 390, amachokera pa Shire. Mu 2017 ntchito yopukusa magetsi inachoka ku ESCOM kupita ku kampani yatsopano ya EGENCO.

Pamene makina ankachuluka, mitengo ya m'mbali mwa mitsinje inkatha. Dothi la m'minda linayamba kukokoloka n'kukakwirira timiyala timene nsomba zimaikirapo mazira. Ntchila, zimene kale zinali ndiwo wamba, zinayamba kusowa m'zaka za m'ma 1960 chifukwa cha maukonde otchingira pa makomo a mitsinje pamodzi ndi matope. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mpasa lero zili m'gulu la nsomba zimene zili pachiopsezo chotheratu. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, kumene mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, nsomba zakhala zikupezekabe kuposa malo ambiri oyandikana nawo.

Matope omwe aja amene anapha mazira a nsomba anafikanso pa makina. Madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira anayamba kukwiririka ndi mchenga, namasupuni ndi udzu n'kumatseka masefa, mpaka panafunika makina ochotsera zinyalala pa Liwonde ndi okumbira matope m'madamu. Mu 2016 ndi 2017 nyanja inatsikanso, magetsi n'kumathima usana ndi usiku, ndipo boma linachita kubwereka majenereta a dizilo. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo makinawo anayambanso kugwira ntchito mu 2023. Zaka zonsezi wowotcherera zitsulo, wometa ndi mwini chigayo pa Mpingu, pa Nsaru ndi pa Namitete ankangokhala manja ali m'khosi kudikira magetsi.

Komabe ambiri a kumidzi yathu magetsiwo sanawalawe n'komwe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri, ngakhale ndondomeko ya magetsi a kumidzi ya MAREP yakhala ikufikitsa mawaya m'misika yambiri. Mumzinda namonso ambiri amaphikira makala. N'chifukwa chake m'bandakucha uliwonse njinga zosenza matumba a makala zimandandalika m'misewu yolowera mu Lilongwe, ambiri mwa makalawo ochokera ku Dzalanyama, nkhalango imene boma linaiteteza mu 1922. Mu 2015 zinafika poti asilikali a nkhondo anatumizidwa kukailondera. Phiri limene makolo amati munthu anapekerapo moto likuthera m'mauvuni a makala, ndipo ndilo gwero la mtsinje wa Lilongwe.

Kumene tafika

Zaka zaposachedwapa dziko layamba kuyang'ana kwina. Magetsi a dzuwa a mamegawati 60 anatsegulidwa ku Nanjoka ku Salima mu 2021, ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire ku Golomoti mu 2022, ndipo timasola tating'ono tafika pa madenga ambiri a kumudzi. Mawaya olumikiza Matambo ku Tete ndi Phombeya ku Balaka anakonzedwa kuti magetsi a ku Mozambique azifika kuno, kutanthauza kuti nafenso tidzakhala ndi gawo pa zimene Cahora Bassa amachita kwa anthu a ku gombe. Pa Shire pakukonzedwa damu la Mpatamanga la mamegawati oposa 350, ndipo pa Zambezi, kumunsi kwa Cahora Bassa, pali ndondomeko ya damu la Mphanda Nkuwa la mamegawati 1,500.

Pali zizindikiro zoti phunziro lina lamveka. Ndondomeko ya Mpatamanga ili ndi damu lachiwiri laling'ono kumunsi, loti lizisalaza madzi otuluka m'makina asanafike ku Majete ndi ku dambo la Elephant Marsh, limene mu 2017 linalembedwa m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar ndipo limadyetsa asodzi masauzande ambiri. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yoyambira pa Kapichira nayo inakonzedwa ndi chotchinga choletsa nsomba za kumunsi kukwera kupita kunyanja ya Malawi. Zoterezi zinalibe malo m'maganizo a amene anamanga Kariba ndi Cahora Bassa.

Mbiri yonseyi, ya pa Shire, pa Zambezi, ku Rance ndi ku Annapolis, ikuloza kumodzi. Magetsi a madzi satulutsa utsi ndipo madziwo satha, koma si aulere. Paliponse pamene anthu anatseka njira ya madzi kapena kusokoneza nyengo yake osafunsa asodzi ndi alimi a kumunsi, nsomba zinachepa ndipo osauka ndiwo analipira. Pamene anasiya madzi kuti aziyenda, n'kumayang'anira zamoyo zake chaka ndi chaka, chionongeko chinachepa. Malawi akufunikadi magetsi ochuluka, chifukwa popanda iwo Dzalanyama atha. Koma mafumu, aphungu ndi makomiti a chitukuko m'madera mwathu ali ndi ufulu wofunsa, damu lililonse lisanamangidwe, kuti madzi a dzinja adzadutsa ochuluka bwanji, nsomba zidzaswana kuti, ndipo osamutsidwa adzapatsidwa chiyani. Ife a kumtunda ntchito yathu ili pafupi: kusiya kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kubzala mitengo ndi nsungwi m'makhwawa, ndi kuleka kuthira katupe kapena kukokera maneti a udzudzu m'madzi, chifukwa dothi lochoka m'minda ya ku Mpingu ndi ku Namitete limakakwirira mazira a mpasa mu Linthipe ndi mu Bua.